Ena akopa anamwino athu ndi viza ya kumudzi, nanga ife a ku Chadiza tidzawasunga ndi ciani?

Pafupifupi tonse amene tikhala m'midzi ya m'boma la Chadiza tinaionapo galimoto ija. Imabwera masukulu akangotsekera, kawirikawiri m'mamawa mame asanakamuke. Imaima pa nyumba ya aphunzitsi kapena kuseri kwa kiliniki, ndipo anyamata amayamba kukweza matilesi, mipando, mbaula ndi matumba awiri a cimanga. Tikafunsa kuti kwagwanji, yankho ndi lomwe lija la masiku onse: thilansifa yatuluka. Aphunzitsi a masamu apita ku Chipata. Anamwino amene anabadwitsa ana ambiri a m'mudzi mwathu apita ku Lusaka, ndipo pakatha miyezi ingapo timamva kuti anakwera ndeke.

Ife timatsala tikuyang'ana fumbi, ndipo zotsatira zake tizidziwa bwino. Ana olemba mayeso amatha teremu yathunthu osaona mphunzitsi wa sayansi. Mai woyembekezera matenda akamuyamba usiku, timamukweza pa ngolo kupita ku kiliniki kumene kwatsala munthu mmodzi wogwira nchito usana ndi usiku. Ng'ombe zikagwidwa ndi cigodola, timafunafuna mlangizi wa ziweto mpaka khola litatha.

Codabwitsa n'cakuti si onse aluso ocoka m'maiko onga lathu amene amakathera m'mizinda ikuluikulu ya kunja. Ena amakakhala m'timatauni ta kumidzi ya ku Australia ndi ku Canada, pakati pa minda ya tirigu ndi makola a nkhosa. Munthu amene anati kumudzi sangakhaleko, lero ali kumudzi kwa eni ake, ndipo anasaina kuti sadzacokako kwa zaka zitatu. Kodi anzathuwo anam'patsa ciani cimene ife tinalephera kum'patsa? Funso limeneli ndilo tifuna tikambirane, pakuti yankho lake likhudza mwana aliyense ali pa sukulu, mai aliyense woyembekezera ndi khola lililonse m'boma lino.

Viza ya kumudzi ndi ciani?

Viza ndi cilolezo cimene boma la dziko lina limapatsa mlendo kuti alowe, akhale kapena agwire nchito m'dzikomo. Maiko olemera nawonso ali ndi vuto longa lathu. Acinyamata awo akaphunzira amathamangira m'mizinda, ndipo zipatala, masukulu ndi mafamu a kumidzi amasowa anchito. Pofuna kutseka mpata umenewu, anapanga viza yapadera ya anthu aluso amene avomera kukakhala kumadera akutali.

Citsanzo codziwika kwambiri ndi ca ku Australia. Pa 16 Novembala 2019 dzikolo linayambitsa mitundu iwiri ya viza imene amaichula ndi manambala, 491 ndi 494. Pa 491 munthu amasankhidwa ndi boma la cigawo, kapena kuitanidwa ndi m'bale wake wokhala kale kudera la kumidzi. Pa 494 amaitanidwa ndi bwana amene wasowa wanchito waluso m'dera lake. Kawirikawiri wopempha ayenera kukhala wosakwana zaka 45 ndi wodziwa Cingelezi, ndipo mapepala ake a sukulu ndi a nchito ayenera kupimidwa ndi kuvomerezedwa ndi mabungwe a kumeneko. Amaloledwa kutenga mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana.

Viza imeneyi ndi ya zaka 5, ndipo ili ndi cingwe. Munthu ayenera kukhala ndi kugwira nchito m'madera okhawo amene boma linawaika m'gulu la kumidzi. Akazemba n'kukakhala ku Sydney, Melbourne kapena Brisbane, viza ingathe kulandidwa. Koma kumapeto kwa cingweco kuli mphotho. Akatha zaka 3 akusunga lamulo ndi kuonetsa mapepala a msonkho, angathe kupempha viza ina, ya nambala 191, imene inayamba kuperekedwa mu Novembala 2022. Imeneyo ndiyo imam'patsa ufulu wokhala m'dzikomo moyo wake wonse, ndipo itsegula njira yodzakhala nzika.

Kwa ife Acewa zimenezi si zacilendo ai. Ndi cikamwini. Mnyamata amacoka kwao, namanga nyumba kwa mkazi wake, napatsidwa munda, ndipo apongozi amayang'anira kalimidwe ndi khalidwe lake. Akaoneka kuti ndi munthu, pambuyo pa zaka amaloledwa ngakhale citengwa. Nayenso wolandira 191 amamasuka kupita kulikonse kumene afuna. Koma ciyembekezo ca boma la kumeneko n'cakuti pofika nthawiyo adzakhala atamera mizu: ana ali pa sukulu, nyumba yapezeka, anansi am'zolowera, ndipo mtima wosamuka wazirala.

Madokotala ophunzira kunja ali ndi lamulo lao lao ku Australia. Kuti azilipidwa kucokera ku thumba la boma la zaumoyo, ayenera kuyamba agwira nchito kumadera osowa madokotala kwa zaka zofika 10. Koma munthu akavomera kupita kutali kwambiri, zakazo zimacepetsedwa mpaka kufika pa 5. Ndiye kuti mtunda ukamatalika, mphotho imayandikira. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaibwerera.

Ku Canada anacita mosiyanako pang'ono. Mu 2019 anayamba ndondomeko yoyesera m'madera 11 a kumidzi ndi a kumpoto, momwe anthu a m'deralo ndiwo anali kusankha mlendo amene am'funa. Komiti ya m'tauni inali kuona ngati munthuyo ali ndi nchito yeniyeni ndiponso ngati aoneka kuti adzakhazikika, kenaka n'kum'perekera umboni ku boma. Ndondomekoyo inatha mu 2024, ndipo mu 2025 inalowedwa m'malo ndi ina yofanana nayo ya madera 14.

Komabe tisanamizane. Kumudzi kwa anzathuwo si kumudzi kwathu kuno. Pa mndandanda wa ku Australia, ngakhale mzinda wa Perth, wokhala ndi anthu oposa 2 miliyoni, uwerengedwa m'gulu la madera a kumidzi pa nkhani ya viza. Ndipo timatauni tating'ono tambiri tili ndi msewu watala, magetsi ndi madzi a m'mipope. Cikalata cimam'fikitsa munthu kumeneko, koma cimam'khazika ndi zimene akapezako.

Ulendo uno si woyamba

Ife a kum'mawa kutumiza anthu kunja sitinayambe lero. M'nthawi ya atsamunda, msonkho unatulutsa agogo athu m'midzi. Ena anakalima fodya m'mafamu a azungu ozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Ena anakwera malole a Ulere kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena ku migodi ya mkuwa, ndipo ena anadutsira ku Nyasaland kukalembedwa ndi Wenela kupita ku Joni. Boma la Zambia linaletsa Wenela patangopita zaka zocepa tilandire ufulu mu 1964. Malawi anaimitsa mu 1974, ndeke yonyamula anchito a m'migodi itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70. Amene anapita osabwerera tinawacha machona, ndipo palibe banja m'boma lino limene lilibe nkhani ya mchona wake.

Kusiyana kwa kale ndi tsopano ndi uku. Kale anali kufuna mphamvu za mwamuna yekha. Mkazi ndi ana anali kutsala kumudzi, ndipo kontilakiti ikatha munthu anali kubwezedwa kwao ndi njinga, bulangete ndi sutikesi. Lero afuna nzeru, ndipo afuna banja lonse likhazikike konko. Amene atengedwa ndi munthu amene dziko lathu losauka lam'phunzitsa kucokera giledi 1 mpaka ku koleji, ndi ndalama za msonkho wathu ndi za nshawa zimene makolo ake anagulitsa.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaona vutoli, ndipo mu 2010 maiko anagwirizana za malamulo a kalembedwe ka anchito a zaumoyo ocokera kunja. Mu 2023 bungweli linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene asowa kwambiri anchito a zaumoyo, momwe mulinso Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Tanthauzo lake n'lakuti maiko olemera sayenera kubwera kudzakopa dala anamwino ndi madokotala athu popanda pangano ndi boma lathu. Koma mndandandawo suletsa munthu kudzipemphera yekha nchito kunja, ndipo ufulu umenewo palibe angam'lande. Conco citseko sitingacikhome. Cimene tingathe ndi kukonza m'nyumba kuti munthu asafune kutuluka.

Zimene dziko lathu layesapo

Sitinganene kuti boma langokhala manja lende. Mu 2003 unduna wa zaumoyo, mothandizidwa ndi boma la Netherlands, unayamba ndondomeko yosungira madokotala kumidzi. Dokotala anali kusaina kuti adzagwira nchito zaka 3 m'boma la kumidzi, ndipo anali kulandira ndalama yapadera mwezi ndi mwezi, thandizo la fizi ya ana, ndalama yokonzera nyumba, ngongole yogulira galimoto ndi mwai wopitiriza maphunziro. Maboma anagawidwa m'magulu malinga ndi kutalika ndi kuvuta kwa malo, ndipo pambuyo pake ndondomekoyo inafika ndi kwa anchito ena a zaumoyo. Nzeru yake inali yofanana ndi ya ku Australia ija: khala zaka zakutizakuti, ndipo kumapeto udzapeza kanthu.

Palinso alawansi ya mavuto a kumidzi. Kwa zaka zambiri anchito a boma a kumidzi akhala akuonjezeredwa 20 peresenti pa malipiro awo, ndipo a kumadera akutali kwambiri 25 peresenti. Ndalamayi ithandiza ndithu, koma mphunzitsi aliyense adzakuuzani kuti mbali yaikulu imathera pa njinga yamoto popita ku boma kukatenga malipiro, kukagula mankhwala kapena kukapereka mapepala ku ofesi.

Mu 2022, caka cimene maphunziro aulere anayamba, boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo 11,276 m'dziko lonse, ndipo ambiri anatumizidwa kumidzi. Tinasangalala kuona nkhope zatsopano m'masukulu ndi m'makiliniki athu. Koma tidziwanso matenda akale a m'nchito za boma: munthu amavomera malo a kumudzi kuti angolowa pa malipiro, kenaka ayamba kusakasaka kalata ya cipatala kapena ya ukwati kuti asamutsidwe. Nthawi zina dzina limatsala pa malipiro a sukulu ya kumudzi pamene mwini wake aphunzitsa m'tauni. M'mabuku a boma sukulu ioneka yodzaza, koma m'kalasi mulibe munthu, ndipo wina sangatumizidwe cifukwa malowo aoneka kuti ali ndi mwini.

Nanga alendo aluso ocokera kunja? Lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko la mu 2010 linaika cilolezo ca nchito ca zaka 2 cimene cingathe kuonjezeredwa, ndipo munthu anayenera kukhala naco zaka 10 asanapemphe cilolezo cokhaliratu. Lamulolo silinasiyanitse dokotala wogwira nchito pa cipatala colipiritsa ku Lusaka ndi wogwira nchito pa cipatala ca boma ku Chadiza. Onse zaka zao zinali zofanana. Apa ndi pamene tiona kuti anzathu a ku Australia anatipitirira nzeru.

Amene anabwera nakhala

Komatu si mlendo aliyense amene ali mame. Cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948, ambiri a ife tinapitako kapena kutumizako odwala athu. Dokotala James Cairns wa ku Britain anafika pamenepo mu 1958 nagwira nchito mpaka 1996, zaka 38 zathunthu. Panalibe viza yom'manga. Anam'manga ndi cikhulupiriro cake, nchito imene anaikonda, nyumba yokhalamo ndi banja lake, ndi anthu amene anam'landira ngati wao. Mbiri yotere tiipezanso m'mamishoni ena a cigawo cino, kwa ansembe, masisitere, abusa ndi anamwino amene anafika osadziwa ndi moni yemwe, nakalambira pakati pathu akulankhula Cicewa ca miyambi.

Ndipo kulandira alendo ife ticidziwa. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itakula ku Mozambique, abale athu zikwizikwi anaoloka malire kulowa m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke. Anyakwawa anawapatsa malo, mabanja anagawana nao ufa, boma lisanasamutsire ambiri ku Ukwimi kuyambira mu 1987. Mtendere utasainidwa mu 1992, ambiri anabwerera kwao. Caka ndi caka mu Ogasiti timakumana nao ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamodzi ndi Acewa a ku Malawi, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ngati tinatha kusunga anthu othawa nkhondo amene anabwera cimanjamanja, tilephera bwanji kusunga mphunzitsi mmodzi amene wabwera ndi nzeru zophunzitsa ana athu?

Cimawathamangitsa n'ciani?

Tikamaceza nao aphunzitsi, anamwino ndi alangizi amene anacoka, malipiro si ndiwo ayamba kuchulidwa. Coyamba ndi nyumba. Mtsikana wocokera ku koleji afika pa sukulu napeza kuti adzagona m'sitolo ya mabuku, kapena adzagawana cipinda ndi banja la mphunzitsi mnzake. Caciwiri ndi madzi ndi cimbudzi. Cacitatu ndi msewu. Nkhani ya msewu wa Chipata ndi Chadiza takhala tikuikamba zaka zambiri, koma wanchito wa kumudzi cimamuwawa kwambiri ndi kamsewu kocoka pa sukulu kupita ku boma, kamene mvula ikagwa mtsinje umakadula. Kenaka pabwera za foni yosagwira, za mwamuna kapena mkazi amene ali pa nchito ku boma lina, ndi za mantha akuti anzake a m'tauni adzakwezedwa pa nchito iye ataiwalika kuthengo.

Koma pali zina zimene sitingaloze boma cala. Tinamvapo za aphunzitsi amene anathawa cifukwa coopsezedwa ndi zamatsenga atalanga mwana kapena atakolola bwino m'munda wobwereka. Tinamvapo za anamwino otukwanidwa cifukwa mankhwala atha, ngati kuti ndiwo amagula. Ena anawabera nkhuku ndi solala ali ku chalichi. Ena anakhala pakati pathu zaka ziwiri osaitanidwa ndi pa ukwati pomwe, koma ngongole yokha ndiyo tinali kuwakumbukira mwezi ukatha. Munthu wotere thilansifa ikatuluka sayang'ana kumbuyo, ndipo amakauza anzake kuti kumeneko musayerekeze.

Tsono tingacite ciani?

Kwa boma, kupyolera mwa phungu wathu wa ku nyumba ya malamulo ndi makhansala, pempho lathu n'lakuti cingwe cikhale ndi mphotho kumapeto kwake. Kuuza munthu kuti usacoke osam'lonjeza kanthu ndi kum'manga cabe, ndipo womangidwa amaganiza zothawa basi. Wanchito amene watha zaka zoikika kumudzi akhale woyamba kupatsidwa chuti ca maphunziro ndi kukwezedwa pa nchito, ndipo malo akatalika kwambiri zakazo zicepe. Munthu akasamutsidwa, malo ake a malipiro atsale pa sukulu kapena pa kiliniki kuti wina alowepo msanga. Ndipo mlendo wa luso losowa, monga dokotala wa opaleshoni kapena wa ziweto, amene avomera kugwira nchito m'maboma onga Chadiza ndi Vubwi, afupikitsidwe njira yopezera cilolezo cokhaliratu.

Kwa khonsolo ndi makomiti a citukuko a m'mawodi, tikumbutsa kuti thumba la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likuonjezeredwa zaka zotsatira. Ndife tomwe timasankha nchito zimene ndalamazi zigwire. Timakonda kupempha makalasi ndi makiliniki cifukwa ndi zimene zioneka pa tsiku lotsegulira, koma kiliniki yopanda nyumba ya anamwino ndi mjigo ili ngati nkhokwe yopanda denga. Tisavomere pulani ya cimango ciliconse imene ilibe nyumba ya wanchito.

Thumba lomwelo lili ndi gawo lolipirira ana ku sukulu zogonera komweko ndi ku maphunziro a nchito zamanja ndi zaluso. Apa ndi pamene pali mankhwala enieni. Malangizo a WHO a mu 2010, amene anawakonzanso mu 2021, anena kuti njira imodzi yodalirika yopezera anchito okhazikika kumidzi ndi kuphunzitsa ana obadwira kumidzi komweko. Mwana wa kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume sadabwa ndi matope a mu Febuluwale, sasowa wolankhula naye, ndipo amai ake ali pafupi. Masukulu a unamwino alipo ku Katete, ku Mwami ndi ku Chipata, koleji ya aphunzitsi ili ku Chipata, ndipo ya malonda a zaulimi ili ku Katete. Boma lathu lili ndi anthu oposa 100,000. Sizingatheke kuti mwa onsewa musapezeke ana okwanira kudzaza makiliniki ndi masukulu athu, tikawasunga pa sukulu m'malo mowatumiza kukaweta ng'ombe kapena kuwakwatitsa akali ang'ono.

Kwa mafumu ndi anyakwawa, mwaulemu tipempha kuti wanchito watsopano azipatsidwa kamunda ndi kadimba, poyera ndi pamaso pa mboni, kuti mawa wina asadzam'lande mbeu zitakula. Munthu amene wabzala mango ndi nthoci sapempha thilansifa msanga. Ndipo woopseza mphunzitsi kapena namwino aziitanidwa ku bwalo ngati wolakwira mudzi wonse, pakuti ndi mudzi wonse umene udzavutika.

Kwa ife a m'mipingo, nchito yathu ndi ija ya komiti ya ku Canada. Mlendo akafika, a mphakati, amai a cigwirizano, a kwaya ndi acinyamata apite kukam'lonjera sabata yoyamba, osayamba afunsa kuti apemphera kuti. Tim'sonyeze cigayo, mjigo ndi msika. Akadwala tikam'zonde, akaferedwa tim'perekeze. Ngati sadziwa Cicewa tim'phunzitse m'malo momuseka. Ife alimi, m'makopaletivu athu, tingathe kuumba njerwa, kututa mcenga ndi kukonza nyumba ya mlangizi mvula isanayambe, osati kum'kumbukira pa nthawi ya feteleza yokha. Cilala ca mu 2024 ndi mbozi zimene zavutitsa cimanga kuyambira mu 2016 zatiphunzitsa kuti ulimi wa masiku ano ufuna munthu wodziwa amene ali pafupi. Mutu umodzi susenza denga.

Mau kwa ofuna kupita

Kwa inu ana athu amene mtima uli kunja, sitikutsekerani njira. Kupita si chimo, ndipo ndalama zimene ena amatumiza zamanga nyumba ndi kuphunzitsa ang'ono awo. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupempha viza ya 491 kokha kulira madola a ku Australia oposa 4,000, osawerengera mayeso a Cingelezi, kupimitsa mapepala, kupimidwa m'thupi ndi tikiti ya ndeke, ndipo pempho likakanidwa ndalamayo kawirikawiri sibwerera. Malamulo nawo amasintha mosacenjeza. Britain, imene inatsegula viza ya anchito a zaumoyo mu 2020, inatseka mu Julayi 2025 khomo la olembedwa kucokera kunja kukasamalira okalamba, anthu ambiri atagulitsa kale katundu pokonzekera ulendo.

Cenjerani ndi anthu a pa foni amene alonjeza viza ya msangamsanga mukatumiza ndalama. Viza imaperekedwa ndi boma la dzikolo lokha, ndipo palibe munthu angakutsimikizireni kuti mudzaipeza. Makolo, musagulitse ng'ombe zolimira kapena munda cifukwa ca uthenga wa pa WhatsApp. Funsani ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka, ku ofesi ya zanchito, kapena kwa kazembe wa dzikolo ku Lusaka kapena kumene ali. Ndipo inu amene boma kapena mpingo unakulipirirani maphunziro, yambani mwabweza ngongoleyo ndi zaka za nchito pakati pa anthu anu. Mukapita, musakhale machona. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Ndalama za Australia ife tilibe, ndipo pa mpikisano wa malipiro sitidzapambana. Koma nyumba yosadontha, mjigo wapafupi, kamunda, ulemu ndi moni wa m'mawa, zimenezi zili m'manja mwathu. Teremu ikubwerayi galimoto ina idzafika pa sukulu kapena pa kiliniki ya kwanu, itanyamula matilesi ndi mwana wa eni ake amene sadziwa aliyense. Pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi, wa mphakati kapena wa kopaletivu, wina aimirire afunse kuti munthuyo adzagona kuti, adzatunga kuti madzi, ndipo ndani adzapita kukam'landira.